Buleki inalowa pansi, maliro ali kumbuyo

Ine si munthu wokonda kukamba nkhani, ndipo amene timapemphera limodzi akhoza kukuuzani kuti ngakhale pamsonkhano wa akulu a mpingo ndimakhala womaliza kutsegula pakamwa. Koma iyi ndiyenera kuinena, ndipo ndiinena monga inachitikira, osathira mchere. Amene anaona ndi maso alipo, ena akalamba ngati ine, ena anagona. Sinditchula dzina la munthu chifukwa ana awo ali moyo ndipo timakumana kumsika.

Zinali zaka zoyamba za matipate, anthu atangosiya kuyenda ndi khadi la chipani m'thumba, boma lathu likadali ku Mwanza. Ndinali nditayendetsa galimoto za bungwe lina ku Luwani, ndipo abale athu a ku Mozambique atabwerera kwawo, bungwelo linagulitsa galimoto zake zakale. Ndinagula pikapu imodzi yotopa n'kukwera nayo kumapiri kuno ku Nsambe, kumudzi kwa malemu mkazi wanga, kumene abale ake anandipempha kuti ndikhalebe ndilere ana. Pikapuyo inkanyamula mbatatesi, tirigu, odwala, akwati ndi maliro omwe, pakuti m'dera lonselo munalibe ina.

Amene anatsikapo misewu ya kuno akudziwa kuti mabuleki amatha ngati sopo. Galaja yapafupi inali ku Mwanza, ndiye zambiri ndinkakonza ndekha pakhomo. Chitsulo chitayamba kukwechana ndi chitsulo chinzake kumatayala a kutsogolo, ndinapita ku Blantyre kukagula mapadi atsopano a mabuleki, pamodzi ndi madisiki, mbale zachitsulo zija zimazungulira ndi tayala, chifukwa akalewo anali atakumbika mizere ngati munda wolimidwa.

Loweruka lina m'mawa ndinaikweza pa jeke pansi pa mtengo wa pichesi, n'kuitchinjiriza ndi miyala. Ankandithandiza anali mlamu wanga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga, munthu wosatha nthabwala. Tsiku limenelo ankandinena kuti ndinakwatiranso mwakachetechete popanda ankhoswe, ndipo mkazi watsopanoyu, kunena pikapuyo, ndi wovuta kuposa mchemwali wake chifukwa chaka chilichonse amafuna nsapato zatsopano. Ndinamuyankha kuti koma uyu sanabwere ndi alamu olongolola.

Pali kanthu kamodzi koti ndifotokoze kuti mumvetse zimene zinatsatira. Kuti mapadi atsopano alowe, umayamba wakankhira mkati kachitsulo kamene kamawapanikiza pa disiki, kamene amakaniko amati pisitoni. Ukamaliza kumanga, umayenera kulowa m'galimoto n'kupondaponda buleki mpaka italimba, kuti kachitsuloko kabwerere pamalo pake. Ukapanda kutero, kuponda koyamba phazi limangolowa mpaka pansi, galimoto osaima. Ine kupondapondako ndinkakuchita pomalizira penipeni, matayala atabwerera, galimoto itatsika pa jeke.

Tinali titamanga madisiki ndi mapadi mbali zonse, kutatsala kubwezera matayala, pamene kulira kunamveka kunyumba yoyandikana nafe. Mwini nyumbayo, mkamwini wochokera ku Matope, anali atadwala chifuwa nthawi yaitali. Ine ndi mlamu tinangoyang'anana, n'kuika masipanala pansi. Kwathu kulira kukamveka khasu limagona, nanga munthu ungamagogode zitsulo mnzako ali chigonere kuseri kwa mpanda wako? Ndinasamba m'manja ndi palafini, n'kuvala jekete, n'kupita kusiwa, ndipo popeza malemuwo anali a mpingo wathu, udindo wotsogolera mapemphero unagwera ine.

Abale awo atafika kuchokera ku Matope anati mwana wawo akagona kwawo, monga zimakhalira ndi mkamwini, ndipo anapempha pikapu. Ndinawauza kuti ili pamiyala yopanda matayala. Mlamu wanga anati ndisasiye mwambo pakati, iye akatenga adzukulu, amuna aja amakumba manda ndi kugwira ntchito zonse za pamaliro, pakuti ndi okhawo amene manja awo saletsedwa tsiku lotere. Anakabwezera matayala, anaitsitsa pa jeke, ndipo posafuna kusokoneza nyimbo sanalize injini, anangoikankha ndi manja mpaka pabwalo la siwa, mlamu ali pachiwongolero, n'kuiimitsa ndi handibuleki. Anachita zimenezi mwaulemu ndi mwachifundo, ndipo mpaka lero sindipeza powadzudzula.

M'mawa wonyamuka ndinazungulira galimoto ndi sipanala kuyesa manati a matayala, ndipo onse anali olimba. Mdzukulu wina wachikulire anandiona n'kunena mokweza kuti ngati sindikuwakhulupirira pa manati, tsiku langa likadzafika ndidzadzikumbire ndekha manda. Anthu anaseka pang'ono, monga adzukulu amaloledwa kuseketsa anthu pamaliro. Maso anga anaona matayala ali m'malo, galimoto ili pansi, ndipo mtima unangovomera kuti ntchito inatha.

Tinakweza bokosi kumbuyo. Amayi anatsogola wapansi akuimba, namfedwa, mkazi wa malemuyo, ali pakati pawo atafunda chitenje kumutu, amayi awiri atamugwira m'mikono. Ine ndinkatsatira pa giya yoyamba, galimoto ikungokwawa yokha, moti njira yonse ya m'mudzi, pokhala yathyathyathya, sindinafunikire kuponda buleki. Kumalire a mudzi, pamene msewu umayamba kutsetsereka, operekeza amaima n'kuimba nyimbo yotsiriza, ndipo opita kumanda amakwera. Amayi aja anatsikirako pang'ono n'kuima. Ndinaponda kilatchi, n'kuponda buleki.

Phazi linalowa mpaka pansi ngati ndaponda dzungu lowola. Ndayendetsa galimoto zaka zambiri, ndinaphulikirapo tayala pamlatho, koma sindinaonepo zoopsa ngati za nthawi imeneyo. Galimoto inayamba kuthamanga yokha kulunjika misana ya amayi oimba. Dzanja langa linapita pa hutala n'kuima m'malere, kodi munamvapo munthu akuimbira hutala anthu olira? Ndinakoka handibuleki, koma ndi katundu amene anali kumbuyo matayala anangokhwekhwereza timiyala. Amuna amene anali m'mbali anakuwa, amayi anabalalika, ndipo awiri aja anamusiya namfedwa yekha pakati pa msewu, iye osaona kanthu chifukwa cha chitenje. Ndinakhotetsera galimoto kukhoma la msewu kuti ndimulambalale, koma iye, pomva phokoso, anathawira komweko. Phazi langa linkangoponda n'kubwerera, kuponda n'kubwerera, ine osadziwa kuti likutero, ndipo mwadzidzidzi buleki inagwira. Bokosi linaseleleka n'kumenya kumbuyo kwa mpando wanga ndi chiphokoso chimene ndimachimvabe. Galimoto inaima bampala itakhudza miyendo ya mayiyo, ndipo anagwa chokhala m'fumbi, atangosupuka zigongono.

Ndinatuluka ndikuthokoza Mulungu kuti zatha, osadziwa kuti choopsa chenicheni chinali chisanayambe. Mayi wina wa ku Matope, mlongo wake wa malemu mkamwini uja, anayamba kulira motchula mawu, akuti mchimwene wake walankhula, waloza yekha amene anamudya. Mukudziwa zimene anthu amakhulupirira, kuti bokosi la munthu wofa mokayikitsa limakoka olinyamula mpaka kwa amene anamupha. Ndiye taganizani zimene anthu a ku Matope aja anaona: galimoto yonyamula mwana wawo yasiya amayi onse, yakhota kutsatira mkazi wake, ndipo mwini wake wagogoda m'bokosi. Mukanakhala inu, mtima uli ndi chisoni, mukanati chiyani?

Amuna a ku Matope anayamba kusendera pafupi ndi namfedwa, amuna a m'mudzi mwathu nawonso anasendera, ndipo nyimbo inali itafa. Mayiyo sanadzuke, anangokhala m'fumbimo akuyang'ana manja ake. Ine ndinaikapo mkazi m'manda, ndimadziwa kulemera kwa tsiku limenelo, ndiye ndinayesa kuganiza kuti pamwamba pake akusenzetsenso dzina la mfiti pamaso pa ana ako.

Ndinapita kwa mkulu wake wa malemu, bambo wofatsa amene ankatsogolera anthu a ku Matope, n'kumufotokozera za mapadi, za kachitsulo kaja, ndi kuti kulira kunandipeza ndisanapondeponde buleki. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapempha kuti ayese yekha. Anakhala pampando wanga n'kuponda. Buleki inali gwa ngati mwala, pakuti kupondaponda kwanga kwa mantha kuja kunali kutaikonza kale. Anapondanso, n'kutuluka, n'kundiyang'ana popanda mkwiyo.

"Abambo, galimoto yanu ilibe vuto. Inakana kuima itaona mlamu wathuyu basi."

Apo ndi pamene ndinachita mantha enieni, chifukwa umboni wanga ndinali nditaufufuta ndi phazi langa lomwe. Ndikanatchula mavesi, akanati mkulu wa mpingo akuikira kumbuyo anthu a m'mudzi mwake. Ndinapemphera chamumtima, ndipo ndinapempha chinthu chosayenera kupemphedwa: kuti atsitse bokosi, andilole ndimasule matayala pamsewu pomwepo, maliro ali poteropo. Akuluakulu anang'ung'udza kuti zimenezo n'zonyoza malemu. Amene anandipulumutsa ndi mdzukulu wachikulire uja, amene ananena kuti malemuwo sakuthamangira basi ya ku Blantyre, akhoza kudikira pamthunzi, ndipo ngati kugwira chitsulo kukuletsedwa, iye andibwereka manja ake a udzukulu kwa kanthawi.

Anayala mphasa pansi pa mtengo n'kugoneka bokosi. Tinaika miyala kumatayala a kumbuyo, ndinavula jekete, ndinakweza galimoto pa jeke, ndipo mlamu wanga, nthabwala zitamuthera, ankandipatsira masipanala. Ndinaitana mkulu wa malemu uja kuti anjute pafupi nane. Ndinamuonetsa mapadi atsopano, disiki yonyezimira, ndi kachitsulo kaja, ndipo ndinakakankhira mkati iye akuona, mbali iyi ndi inayo, monga ndinachitira Loweruka lija. Titabwezera matayala n'kutsitsa galimoto, ndinamutsegulira chitseko.

"Pondani tsopano, bambo."

Phazi lake linalowa mpaka pansi, ndipo ngakhale galimoto inali chiimire, ndinamuona akugwiritsitsa chiwongolero ngati akugwera m'dzenje. Ndinamuuza kuti apondenso, ndipo anapitiriza mpaka inalimba pansi pa nsapato yake. Atatuluka anapita kwa mlongo wake n'kumuuza motsitsa mawu kuti alire mchimwene wake, asiye kulira anthu amoyo. Kenako anapita kwa namfedwa, anamudzutsa yekha m'fumbi muja, n'kunena kuti mlamu wake sakwera kumbuyo, akhala kutsogolo pakati pa iye ndi ine. Njira yonse yotsika ku Matope bamboyo sanayang'ane msewu, maso ake anali pa phazi langa.

Sindinganame kuti onse anakhutira. Mlongo uja sanapereke moni kwa namfedwa ngakhale kumanda, ndipo ndinamva kuti mpaka imfa yake ankanena kuti dalaivala wa kumapiri anawachenjerera ndi masipanala. Koma nthawi itakwana abale a mwamuna anakwera phiri kudzamusudzula mayiyo mwamtendere, ndipo analera ana ake pamudzi popanda womuloza chala.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti amene anaimitsa galimoto ija si ine, pakuti mutu wanga unali utaima ndipo phazi linkayenda lokha. Anthu a ku Matope sindiwaweruza, chisoni chimafuna wina woti chimuloze, ndipo tsiku limenelo galimoto yanga inawapatsa. Chimandiopsa n'chakuti panalibe munthu woipa pamenepo: tinasiya ntchito chifukwa cha ulemu, ena anaimaliza chifukwa cha chifundo, ndipo mayi wosalakwa anatsala pang'ono kutaya moyo, kenako mbiri yake.

Inu amene mumakonza mabuleki pakhomo, ntchito ikakudukirani pakati, kaya ndi maliro, kaya ndi mvula, kaya ndi alendo, poibwerera muziyambira pamene manja anu anasiyira, osati pamene maso akukuuzani kuti yafika. Ndipo galimoto isanasunthe, ngakhale anthu akukufulumizitsani, khalani pampando mupondeponde buleki mpaka ikukanizeni phazi. Likalowa pansi muli kale pamtsetse, amene amakhala kutsogolo kwa bampala ndi munthu amene sanagwireko n'komwe sipanala.