Madzi Olekeza M'chifuwa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku South Bend, pamene anzanga a m'kalasi anayamba kuphunzira kusambira, ine n'kumangokhala pabenchi nditavala jekete. Bambo anali atakaniratu. Kwathu sitisewera ndi madzi, basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Zinkandiwawa koopsa. Fungo la mankhwala a m'madzi linkanditsatira mpaka m'basi, ndipo ndikatsinzina ndinkadziona ndikuyandama chagada, denga likuyenda pang'onopang'ono pamwamba panga.

Chifukwa chake ndinachimva kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo, nesi wa ku Indianapolis. Tinali m'galimoto mwawo pa Lafayette Road, sinowo ikugwa mwaulesi. Anati agogo awo aamuna, a Yohane, anapita kunkhondo ya azungu limodzi ndi mng'ono wawo Simeoni. Anawakweza sitima mpaka ku Madagascar, anthu oti nyanja yamchere anali asanaionepo. M'bandakucha anawauza kuti atsike, ayende mpaka kumtunda. Madzi ankalekeza m'chifuwa, mfuti pamutu, katundu kumsana. Simeoni anaponda pokuya. A Yohane anamugwira dzanja, koma linapulumuka. Mchenga unali pafupi, mitengo ikuoneka bwinobwino.

"Sichinali chipolopolo chimene chinapha Simeoni ayi," anatero azakhali. "Anali madzi oti mwana wodziwa kusambira amawoloka akuseka."

A Yohane atabwerera ku Dedza analetsa ana awo ngakhale kuwedza, ndiye lamulolo linakwera nafe ndege mpaka ku America.

Sukulu itatsekera, azakhali anaimbira bambo foni kuti akudzanditenga, ndipo zoti ndikaphunzira kusambira padziwe la ku Lawrence, kufupi ndi kwawo, sanabise.  Bambo anangoti, "Musakamusiye yekha, achemwali."

Sanandisiyedi. Mayi wamkulu ngati uja analowa nane m'kalasi la tiana, atavala kabudula ndi tisheti ya kutchalitchi. Ine manyazi, koma iwo analibe nazo ntchito. Madzi atawafika m'chifuwa anaima, n'kutseka maso nthawi yaitali, atandifinya dzanja mpaka kuwawa. Kenako analisiya dala, n'kundiuza kuti ndipite kwa aphunzitsi.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti azakhali ndi olimba mtima, bambo ndi amantha. Lero ndimadziwa kuti mantha awo anali amodzimodzi. Azakhali mpaka pano satha kusambira. Holide yonse ija ankangoima pomwepo, m'madzi olekeza m'chifuwa, kuti ine ndipitirire.