Tsiku limene mlamu wanga anakafunsa fayilo ya mjigo

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, ndi munthu woti ukamuuza kuti thira mchere pang'ono amakhuthula thumba lonse. Ndimamukonda, koma chaka chija anangotsala pang'ono kutipha tonse ndi mantha.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati. Ine ndinkaphunzitsa pulayimale kufupi ndi boma la Chikwawa, iye ankagulitsa nsalu pamsika. Tonse awiri tinali ndi kachizolowezi kolemba tinkhani ta kumudzi n'kumatumiza ku nyuzipepala ku Blantyre: mpira, makwaya, thonje likachita bwino, mvuu zikadya chimanga kudimba. Kamodzikamodzi ankatisindikizira, ndipo sabata imeneyo mlamu wanga sankayenda ngati munthu wamba. Ndiye titamva kuti kukubwera munthu wodzaphunzitsa atolankhani a kuno kuchigwa, tinalembetsa tonse.

Mphunzitsi wake anali bambo wachikulire, woonda, waimvi, wolankhula motsitsa mawu. Kutentha kwa kwathu kunawazunza kuyambira tsiku loyamba, moti ankaphunzitsa akudzipepesa ndi chipewa. Tinkakumana mu holo ya tchalitchi, ndipo asananene zinthu zina ankayamba ayang'ana kuwindo. Anatiuza kuti za m'maluwa si nkhani. Ukamva chinthu, pita ukaone. Funsa amene anaona, funsanso amene akunenedwayo, kenako pempha kuti akuonetse pamene zinalembedwa.

"Mapepala a m'maofesi muja si a kalaliki ayi," anatero. "Ena mwa iwo munthu wamba ali ndi ufulu wowaona. Kungoti palibe amene amafunsa."

Tinayang'anana. Ufulu! Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa chongofunsa kuti shuga wachedwa bwanji kusitolo. Bambo aja ankadziwa zimenezi, nchifukwa chake ntchito imene anatipatsa inali ya tinthu ting'onoting'ono: aliyense apite ku ofesi imodzi akapemphe kuona chinthu chosaluma, monga mitengo ya thonje kapena milandu ya sabata imeneyo kukhoti. Anawonjezera kuti, "Mukalowa musakapepese ngati mwapita kukapempha ufa. Perekani moni, tchulani chimene mukufuna, dikirani."

Apa ndi pamene panagona vuto. Ife a kuchigwa sitilowa mu ofesi chonchi. Timaima pakhomo, kuvula chipewa, kuomba m'manja, kunjuta pang'ono, kudandaula za dzuwa, kenako nkhani timaiyambira kutali. Mlamu wanga mawu oti musakapepese anawatenga ngati lamulo la Mose.

Ndipo za thonje anazikana. Kumudzi kwa amayi ake, uko kwa Kasisi, mjigo unali utafa kalekale. Amayi a m'mudzimo anali atabwerera kukatunga ku Shire, ndipo ng'ona inali itagwira kale mayi wina mwendo. Iye ankafuna kuona fayilo ya mjigo umenewo ku ofesi imene inkayang'anira zimenezi, adziwe ngati akuluakulu anauzidwa.

Ndinamukokera pambali. "Alamu, mutu wanu ukuyenda? Tengani za thonje ngati anzanu. Inu mulibe pothawira."

Ndinkanena zoona. Mlamu wanga anabadwira tsidya lija la malire, anabwera kuno ali kumbuyo kwa amayi ake, ndipo akalankhula Chisena chinkamveka. Munthu wotero akapezeka akufunsa mapepala a boma nthawi ya nkhondo ija, akanangoti watumidwa ndi a mfuti. Kenako ndi kundende kopanda mlandu, kapena kukamutaya kumalire. Mlongo wanga apo n'kuti ali ndi pakati potopa.

"Nkhabe," anandikanira m'Chisena chakecho. "Safunsa anadya phula, alamu."

Anabwereka jekete langa lakuda la ukwati, mu Okutobala, taganizani. Sabata imeneyo analinso ndi nthenda ya maso, ali psuu, ndiye anavala magalasi akuda. Njira yonse ankayeserera Chichewa cha ku Blantyre kuti Chisena chisatulukire. Ndinamuseka kuti akuoneka ngati wopita kukafunsira mbeta kumaliro. Tinasiyana pamphambano, ine n'kulowera kukhoti.

Pofika masana tonse tinali titabwerera ku holo. Ena anathamangitsidwa, ena anauzidwa kuti abwere mawa, wina anangowerenga zomata pakhoma n'kubwera akunyada. Mpando wa mlamu wanga unali wopanda munthu. Kenako mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi maofesi, mnzake wa mlongo wanga, anaima pakhomo n'kundikodola. Polankhula sanandiyang'ane kumaso.

"Achimwene, alamu anu akwera galimoto la boma. Awaika pakati."

Anangonena zomwezo n'kumapita. Pakati! Aliyense ankadziwa kuti munthu akamatengedwa amamuika pakati kuti asadumphe.

Ndinakamuuza mlongo wanga. Ndinamupeza pakhonde akupeta mapira, amayi oyandikana nawo nyumba ali pomwepo akucheza. Sanalire. Munthu wotengedwa sankamulira mokweza, chifukwa kulira kunali ngati kutsutsa amene amutengawo. Anaika lichero pansi, n'kugwira mimba yake. Amayi aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, wina wakumbukira nyemba pamoto, wina mwana. Sindinawaimbe mlandu, koma mtima unandiwawa zedi.

"Achimwene," anatero mlongo wanga, "munamutengera ku zimenezi ndinu. Tsono mwanayu ndidzamuuza kuti bambo ake ali kuti?"

Mkwiyo wanga wonse ndinautengera ku holo. Ndinapeza mphunzitsi uja atabalalitsa kale anthu, atakhala okha. Ine ndikapsa mtima sindiona imvi.

"Bambo, inu mawa mukwera basi kubwerera ku Blantyre. Ife mutisiya ndi maliro opanda mtembo! Ufulu wanuwo ndi umenewu?"

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anandifunsa kuti galimotolo linalowera kuti, ndinati sindikudziwa. Anandifunsa ngati mkazi wa mlamu wangayo ali ndi womuyang'anira. Kenako anati, "Ndamutuma ndine," n'kutenga chipewa chawo kumapita kunyumba ya alendo kumene ankagona.

Ndinabwerera kwa mlongo wanga, tinakhala pakhonde kudikira. Dzuwa litapendeka tinamva kulira kwa galimoto. Linakhota, n'kudzaima pabwalo pomwe. Ndinati basi, abwera kudzasecha nyumba. Mlongo wanga anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

Anatsika bambo wina wonenepa, mkulu wa ofesi ija. Anagwira chitseko, n'kunjuta, akuomba m'manja. Ndiye akutsika ndani? Mlamu wanga, jekete lili thapsa ndi thukuta, magalasi ali m'maso, nkhuku yamoyo ili m'khwapa.

"Bwana, mukanene zabwino kwa akuluakulu kumtundako," anatero mkulu uja. "Mwadzionera nokha kuti ntchito tikugwira."

Mlamu wanga anangogwedeza mutu. Galimoto litapita analowa m'nyumba, n'kuponya nkhuku uko, n'kukhala pansi penipeni padothi. Mlongo wanga anamuvula magalasi aja, n'kumuyang'ana, n'kumumenya kakhofi paphewa, kenako ndi pamene analira.

Nkhani yake inali iyi. Analowa mu ofesi osaodira, osaomba m'manja, n'kunena kuti, "Muli bwanji. Ndikufuna kuona fayilo ya mjigo wa mudzi wakuti." Kalaliki anadzambatuka pampando. M'zaka zonsezo anthu olowa chonchi, atavala jekete lakuda ndi magalasi, n'kuitanitsa fayilo, anali a mtundu umodzi wokha: apolisi achinsinsi. Palibe anamufunsa kuti ndinu ndani, chifukwa funso limenelo nalonso linali loopsa. Mesenjala anamuzindikira, n'kunong'oneza mkulu uja kuti uyutu ndi wogulitsa nsalu pamsika. M'malo moti zimuthandize mkuluyo, zinamuonjezera mantha. Mlamu wanga anamumva akuti, "Ndiye kuti wakhala akutizonda nthawi yonseyi."

Fayilo inabwera pamodzi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Munalibe chodabwitsa. Mapaipi anafika kale, anali kuseri kwa ofesi m'udzu, akudikira galimoto. Tsiku limenelo galimoto linapezeka, mafuta anapezeka, amakaniko anapezeka. Anamuchonderera kuti apite nawo akaone ndi maso ake, ndipo pomulemekeza anamukhazika kutsogolo, pakati pa dalaivala ndi mkulu uja. Iye anaopa kukana, anaopanso kulankhula kuti Chisena chingatuluke. Akakhala chete iwo ankaonjeza kunjenjemera.

"Nanga amayi anu atakuonani?" ndinamufunsa.

"Alamu, musandikumbutse. Anatuluka, anandiona ndili pakati pa anthu a boma, anaganiza kuti andimanga. Anandidutsa ngati sakundidziwa. Inenso ndinawadutsa. Madzi atatuluka amayi onse akulululutira, iwo okha ali chiimire akundiyang'ana. Ndawatumira uthenga pobwerera kuti ndili bwino."

Tinaseka mpaka misozi. Ndinaseka ngati wamisala, mtima utakhala m'malo. Amayi oyandikana nawo aja anayamba kubwerera, nyemba zawo zitapsa mwadzidzidzi.

Ndili mkati moseka ndinakumbuka mphunzitsi uja, ndi mawu amene ndinawalankhula. Ndinati ndikawauze, nawonso apume. Ndinapalasa njinga mpaka kunyumba ya alendo. Mayi wosesa pamenepo anati atuluka kanthawi kapitako, atanyamula bulangete, ndipo afunsa njira ya kupolisi.

Mayo ine! Ndinazindikira nthawi yomweyo. Akupita kukadzipereka, kukanena kuti munthu mwamugwirayo ndi wophunzira chabe, ndamutuma ndine. Koma apolisi sankadziwa kalikonse. Akangotsegula pakamwa, apolisi akafunsa ku ofesi ija, ndipo mlamu wanga asanduka munthu wa tsidya lija amene wanamizira kukhala wapolisi wachinsinsi, n'kuwerenga fayilo ya boma, n'kuyendetsa galimoto la boma tsiku lonse. Pamenepo ngakhale Mulungu akanavutika kumutulutsa. Njinga ija sindikudziwa kuti inapirira bwanji.

Ndinawapeza pabenchi panja pa polisi, patsinde pa mtengo wa nimu. Anali atavala juzi pamwamba pa malaya, mathalauzi awiri, bulangete lili pamiyendo, mswachi ukuonekera m'thumba. Thukuta linkachita kuyenderera. Wapolisi wachinyamata anali pakhomo akuwayang'ana. Sindinadziwe ngati alankhula kale kapena ayi.

Ndinafuula ngati ndapeza m'bale wosokera. "Malume! Mwasokeratu inu. Basi ya ku Blantyre sitikwerera kuno ayi!"

Wapolisi uja anaseka. "Ndi amalume anu? Atengeni, atifera pano. Juzi ku Chikwawa! Ndawafunsa vuto lawo, akuti anena kwa akuluakulu okha, ndipo akuluakulu ali kumsonkhano."

Ndinawerama ngati ndikunyamula bulangete, n'kuwanong'oneza. "Wabwera. Ali kunyumba. Sanamugwire. Musanene kanthu."

Ndinawagwira mkono n'kuwadzutsa. Ndinathokoza wapolisi uja ndi manja awiri, ndikuomba m'manja ngati mmene timachitira kwathu, n'kumapita nawo pang'onopang'ono, njinga ndikukankha. Msana wanga wonse unkayembekeza kuitanidwa. Palibe anatiitana.

Titakhota, polisi itabisika, anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Ndinawathandiza kuvula juzi ija, inali yonyowa ngati yochapa. Ndinawafunsa kuti zovala zonsezi n'zachiyani pa dzuwa lotere.

"Simenti ya m'menemuja imazizira, mwanawe, ngakhale kuno," anatero. "Ulendo woyamba ndinalowa ndi malaya amodzi."

Sindinkadziwa kuti analowapo m'ndende. Ndinakhala pansi pambali pawo, n'kuwafotokozera zonse, za jekete, za mesenjala, za nkhuku. Anayamba kuseka, kuseka kwake kosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka, misozi ikutsika. Anthu odutsa ankatiyang'ana ngati taledzera masana.

Atapuma anandifunsa kuti, "Tsono fayiloyo anaiona?"

"Anaiona, bambo. Anawerenga yonse."

"Madzi akutuluka?"

"Akutuluka."

Anapukuta kumaso ndi juzi ija. "Chabwino. Kamuuzeni kuti wakhoza. Ndipo nonse awiri musalembe chilichonse."

Sitinalembe. Ndinawakweza pakaliyala, bulangete atalikumbatira, n'kupita nawo kwa mlongo wanga kukadya nkhuku ija.