Kumunsi kwa Damu

Mnzanga wa khomo loyandikana ndi lathu m'makomboni anali wa msinkhu wanga. Tinkasamba limodzi padamu la esiteti, ndipo masana tinkaperekera limodzi mbatata kwa makolo athu kumunda wa tiyi. Chaka china sukulu itatsekera, amalume ake anamutenga kupita naye ku simba ku Nsabwe. Anabwerako atameta mpala, atavala malaya atsopano, ali ndi dzina lina. Ndinamuitana dzina lakale, osatembenuka. Amene anandiyankha ndi mayi ake.

"Iwe, awa ndi aakulu tsopano. Usamawatchule choncho."

Kudamu ndinapeza malire amene kale sindinkawaona. Ovinidwa ankasamba kumtunda, ife kumunsi pamodzi ndi tiana ta mamina. Ine sindinkafuna ukulu ayi, ndinkangofuna mnzangayo.

Mayi anga, Alomwe enieni, ankati nanenso ndipite ku simba. Bambo anali kapitawo, komanso mkulu wa mpingo wosunga Sabata.

"Bambo ake, mwanayu adzamera imvi akadali mwana," anatero mayi.

"Mwana wanga sakagona kutchire. Ndinamupereka kale kwa Ambuye."

Anakangana mpaka mvula inagwa, tiyi n'kuphuka. Kenako anagwirizana chimene aliyense anaona ngati wapambana: bambo ananditengera kuchipatala cha mishoni, ndipo anandidula kumeneko, namwino atayamba wapemphera. Mayi anandiphera nkhuku. Bambo anati zinali za ukhondo chabe.

Bala litapola ndinapita kumtunda kwa damu ndi sopo wanga, mtima uli m'malo. Mnyamata wina wamkulupo anandiyang'ana n'kuseka.

"Akuluakulu, tapatsani malo, kwabwera a kuchipatala. Tatiimbireni nyimbo imene adokotala anakuphunzitsani."

Ndinalibe nyimbo, kupatula za m'tchalitchi. Ndinayang'ana mnzanga uja. Iye sanaseke nawo. Anayandikira, n'kunena motsitsa mawu:

"Nkhani si mpeni, iwe. Tapita kumunsi, asakumenye."

Ndinapita. Koma madzulo mayi atamva anakwiya, amvekere munthu wodulidwa sasamba ndi tiana, ndi zochititsa manyazi. Kuyambira pamenepo ndinkasamba ndekha m'bafa ya udzu kuseri kwa nyumba, ndikumva phokoso la anzanga kudamu.

Sabata lina bambo anatiwerengera mawu a mtumwi, akuti mdulidwe weniweni ndi wa mumtima, wa thupiwu si kanthu. Ndinakhulupirira, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira ndi mtima wonse. Koma ndinafunsa:

"Nanga ngati si kanthu, munandipititsiranji, bambo?"

Anatseka Malemba. Kenako anati tigwade tipemphere. Anapempherera odwala, mvula ndi akuluakulu a esiteti. Za funso langa sanatchule.

Mnzanga uja sitinayambane, koma sitinasewerenso limodzi. Lero tikakumana pamaliro timapatsana moni waulemu, ngati apongozi.

Tsopano mwana wanga wamwamuna wafika msinkhu womwewo. Amalume ake a ku Thekerani atumiza kale uthenga wa za ku simba, ndipo mayi ake akudikira mawu anga. Ndasala kudya, ndapemphera. Ndikudziwa chimene mpingo umaphunzitsa, ndipo sindidzachikana. Chimene sindikudziwa n'chimene ndidzamuyankhe iye akadzandifunsa kuti azicheza ndi yani.