Njira yozungulira munda wa alamu

Chaka chotsatira chilala chachikulu chija, ife ku Magodi tinatsala ndi ndowa imodzi yokha ya mbewu ya chimanga. Ndinkaisunga kuchipinda, chifukwa ana anayi anjala amaona chilichonse ngati chokazinga. Mbewuyo ikanapsera m'nthaka, kunalibe kwina kokaitenga.

Mvula yoyamba itagwa, alamu anga, mchimwene wa amuna anga, anabzala m'mawa mwake. Amuna anga anatuluka, nakanda dothi ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Iyi ni cizimalupsa cabe. Ifuna kutinamiza," anatero. "Tiyembekeze."

Tinadikira. Ine mtima unali m'mwamba, koma sindinatsutse, pakuti nanenso dzuwa lija ndinali ndisanaliiwale. Tinadzabzala mvula itakhazikika, anzathu atayamba kale kupalira.

Apa m'pamene amuna anga anayamba khalidwe lachilendo. Njira ya kuchigayo ndi ya kutchalitchi inkadutsa m'mphepete mwa munda wa alamu. Iwo anaisiya, n'kumazungulira kudambo, njinga ili paphewa, matope mpaka m'mawondo. Ndikawafunsa ankati njira yakale ili ndi minga. Minga yake inkabaya matayala awo okha, a anthu ena onse ayi!

"Bambo, tiyeni tikaoneko munda wa alamu," ndinawauza tsiku lina. "Ngati tinalakwa, tidziwe, caka ca mawa tisabweleze."

"Nikaona, masiku aja azabwelela?" anandiyankha.

Ndinawamvera chisoni. Munthu wosaopa njoka kapena ng'ombe yolusa ankaopa mapesi a mchimwene wake. Koma ine kusadziwa n'kumene kunkandidwalitsa. Chimanga chathu chinali m'chiuno, mitambo yayamba kale kupepuka, ndipo ndinkangodzifunsa ngati mvula idzachiperekeze mpaka kukhwima.

Tsiku lina masana ndinatenga dengu ngati ndikukathyola ndiwo, ndinalowera njira yaminga ija. Chimanga cha alamu chinandipitirira kumutu, chobiriwira, chitamasula kale, china chitabereka ana awiriawiri. Ndinaima pamenepo nsanje itandigwira. Mvula ija siinali yonama ayi.

Kunyumba ndinapeza amuna anga akukhomera mpini wa khasu. Anayang'ana dengu lopanda kanthu, kenako mapazi anga ouma, opanda matope a kudambo.

"Mwatandala uli?" anatero, ngati akulonjera mlendo.

"Natandala makola."

Anapitiriza kukhoma. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, ndinayamba kulowa m'nyumba.

"Camasula?" anafunsa, maso ali pakhasu.

Ndinafuna kunama, koma sindinathe. "Camasula, bambo. Cili bwino maningi."

Ndinkadikira kuti adzitukwane, mwina andikalipire. M'malo mwake anaika khasu pansi, napumira m'mwamba, mapewa n'kugwa ngati munthu amene watula thumba.

"Basi," anatero. "Olo cathu cikakane, ana azadya kwa atate awo aakulu."

M'mawa mwake anapita kuchigayo, ndipo anabwerako miyendo ili youma.