Mapazi a bambo Blasius

Aliyense wonyoza a Blasius adutse kaye pa ine. Ndimanena pamsika, ndikunenanso papepala pano. Koma chilungamo ndichilungamo: mapazi awo ndi oopsa. Zidendene zinang'aluka ngati dambo mwezi wa Okutobala, chala chachikulu chinaloza kwa Ntaja pomwe zinzake zikupita ku Balaka.

Anabadwira kwa Chikweo, m'minda ya thonje. Atakwatira a Ida anasamukira kuno ku Utale, ndipo zaka makumi awiri tsopano akupalasa kabaza. Nsapato amati zimawaterera pa pedulo. A Kulusumu, mayi wachisilamu wogulitsa mandasi pafupi ndi benchi langa la sopo, sakwera njinga ina. Amati, "A Blasius akaona dzenje amatsika n'kukankha, anyamatawa amangokuuza kuti gwiritsitsani." Kutchalitchi a Blasius amakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pomwe pamaomba dzuwa.

Chaka chatha tinamva kuti bambo mfumu adzachitira Misa ya Lachinayi Loyera kutchalitchi kwathu kwakung'onoku. Tsiku limenelo wansembe amasambitsa mapazi a anthu khumi ndi awiri. Mphakati wathu unasankha a Blasius. A Ida anandinong'oneza kuti mkuluyu anagona akumwetulira. Chibatizidwire sanaitanidwepo kutsogolo.

Kenaka dzina linafufutidwa. Anafufuta ndi a Raymond, wapampando wa tchalitchi, munthu wa jekete ngakhale kutenthe bwanji. M'malo mwake analembamo lawo.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango Misa itatha.

"A tcheya, mwachotseranji a Blasius?"

"Tsitsani mawu, a Maziko. Kukubwera alendo, adzajambula. Mapazi aja mukuwadziwa."

"Yesu anasambitsa asodzi! Mukuganiza kuti Petulo ankadzola mafuta?"

"Tawapatsa ntchito ina. Adzatunga madzi ndi kugwira beseni."

Ndinatsala pang'ono kuwagwira jekete. Anandikoka ndi mwini wake nkhaniyo.

"Achimwene, musiyeni. Madziwo akufunikanso munthu."

"Inu simukwiya?"

"Mukukwiya kale inu, zikukwanira tonse awiri."

Sabata imeneyo munali zoseketsa m'mudzi. Amuna akuluakulu kukhala pakhonde akukwecha zidendene ndi mwala, kuti bambo mfumu adzasambitse mapazi osambasamba kale. A Raymond anapita mpaka ku Balaka kukagula nsapato zosongoka ndi masokosi oyera. Nsapatozo zinali zothina, koma anayenda nazo makilomita asanu kubwera kutchalitchi, nkhope ili gwa ngati akumeza mankhwala.

Nthawi itakwana, khumi ndi awiri aja anakhala pamipando kutsogolo. Abambo anagwada, a Blasius pambali pawo ndi beseni, matope a padilawo pomwe anatunga madziwo ali mpaka m'akakolo. Woyamba, wachiwiri, zonse bwino. Atafika pa a Raymond, nsapato inatuluka movutikira, koma sokosi inakana. Matuza anali ataphulika m'njira, magazi n'kuumira pansalu. Atakoka pang'ono, tcheya anakuwa "Mayo!" kwaya n'kusokoneza nyimbo.

Ine kuseka kunali kutafika kale pakhosi, ndipo ndikaseka ine amamva ndi a kumsika. A Blasius anangondiyang'ana kamodzi. Ndinakumeza.

Anaika beseni pansi, n'kutenga phazi la a Raymond kuliika pabondo pawo. Anathira madzi pang'onopang'ono kuti sokosi inyowe, akuivula ngati akusenda dzira.

"Pepani akulu, zitha pompano. Osayang'ana."

Anatembenuka kuti msana wawo utchinge amene ankajambula ndi mafoni. Sokosi itachoka anang'amba kansalu m'thumba mwawo n'kumanga chilondacho.

A Raymond anayang'ana pansi, pomwe panali mapazi a Blasius aja. Kenaka anaimirira ndi mwendo umodzi.

"Abambo, pampando pano sipanali panga. Khalani, a Blasius."

"Iyayi akulu, nanga beseni?"

"Ndigwira ine. Khalani, musandichititse manyazi kawiri."

A Blasius anakhala, manja ali pamaondo, akutuluka thukuta kuposa pokwera chitunda ndi matumba awiri a chimanga. Abambo anathira jagi yoyamba, madzi anafiira. Yachiwiri, chimodzimodzi. Anaitanitsa yachitatu akuseka chamumtima, n'kupukuta chala chilichonse ndi thaulo, mpaka chija choloza kwa Ntaja. A Ida analuluta m'Misa ya Lachinayi Loyera, ndipo palibe anawaletsa.

Potuluka ndinathamangira a Blasius.

"Mwamva bwanji, mtumwi?"

"Zabwino ndithu," anatero akumasula njinga. "Koma abambowa amawononga madzi. Majagi atatu munthu mmodzi? Sadziwa kutalika kwa padilawo."

Anayala chitenje cha a Ida pakaliyala, n'kukweza a Raymond, nsapato zosongoka zili m'manja. Ine ndi a Ida tinabwerera wapansi.