Kapepala ka Mkazi Wanga

Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku sikimu ya mpunga ya Hara ku Karonga kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Kwathu ndi ku Dedza. Mkazi wanga ndi ana athu atatu anatsala kumeneko chifukwa cha munda wa mbatatesi umene iye sankafuna kuusiya m'manja mwa anthu ena. Ankabwera kudzandiona pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ine ndinkapita kumudzi pa tchuthi. Masiku ena onsewo ndinkakhala ndekha m'nyumba ya zipinda ziwiri, ine ndi wailesi.

M'chaka changa chachinayi kumeneko ndinayamba chibwenzi ndi mayi wina wa ku Ngara amene ankabwera ku sikimu kudzagula mpunga wokagulitsa. Sindinganame kuti anandikopa ndi iye. Ndinamuyamba ndine, ndikudziwa bwino kuti ndine munthu wapabanja.

Mmawa wina, nyengo yowokera mpunga, ndinamva kuwotcha pokodza. Ndinadziuza kuti ndi kutentha kwa ku Karonga ndi kusamwa madzi okwanira. Tsiku lachitatu ndinaona mafinya pa kabudula wamkati. Chimene chinandiopsa kwambiri si ululuwo ayi, koma kuti mkazi wanga anali atangobwerera ku Dedza sabata yomweyo, atakhala nane masiku khumi.

Chipatala chapafupi sindikanayerekeza kupitako. Kumeneko aliyense ankandidziwa, kuyambira mlonda wa pageti mpaka wopereka mankhwala. Ndinauza anzanga a kuntchito kuti ndikukasiya malipoti, ndikukwera minibasi ya ku boma. Titaima pa Ngara kutsitsa anthu ndinaweramitsa mutu ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, ndipo sindinaudzutse mpaka minibasi itanyamuka.

Ku chipatala cha kutaliko, chipinda cha matenda opatsirana pogonana chinali kumapeto kwa khonde. Panalibe chikwangwani, koma aliyense wodutsa ankadziwa kuti okhala pa benchi imeneyo abwerera chiyani. Ndisanakhale ndi mphindi zisanu, bambo wina wachikulire wolima mpunga ku Hara, amene anabwera ndi mkazi wake wodwala mtima, anaima patsogolo panga n'kundilonjera m'chilankhulo cha kumeneko.

"Mwawuka uli, a mlangizi? Kasi mukudwala?"

"Kamalungo chabe, adada," ndinayankha.

Anayang'ana chitseko chija, n'kundiyang'ananso ine. "Pepani chomene," anatero, n'kupitiriza ulendo wake. Sanandifunsenso za tsikulo ngakhale tinkakumana pa ngalande pafupifupi sabata iliyonse, ndipo kukhala chete kwakeko kunkandilemera kuposa akanandiseka.

Nesi amene anandilandira anali mayi wa msinkhu wa mlongo wanga wamkulu, wolankhula Chichewa cha kwathu chenicheni. Ndinalakalaka akanakhala munthu wa chilankhulo china, woti mawu amanyaziwo ndiwatchule mozungulira. Anandifunsa mafunso ake osandiyang'ana kumaso: zayamba liti, ndagona ndi anthu angati, kondomu ndimagwiritsa ntchito kapena ayi. Ndinayankha ndikuyang'ana botolo la mankhwala osambira m'manja limene linali pa tebulo. Anati ndi chinzonono. Anandibaya jakisoni n'kundilembera mapilitsi. Kenako anati ayeze magazi, aone za HIV ndi chindoko, ndiponso kuti masiku amenewo aliyense wolowa m'chipindacho ankamupempha kuti amuyezenso matenda a chiwindi. Ndinavomera zonse. Mtima wanga unali pa HIV basi.

Atabwera ndi zotsatira anakhala pansi kaye.

"HIV mulibe, abambo. Chindoko mulibenso. Koma magazi anu akusonyeza kuti munakumanapo ndi kachilombo ka hepataitisi C. Ndi matenda a chiwindi."

Dzinalo ndinali ndisanalimvepo bwino. Ndinafunsa ngati wandipatsa ndi mayi wa ku Ngara uja.

"Kudzera m'kugonana zimachitika, koma si kawirikawiri," anatero. "Kameneka kamayenda kwambiri ndi magazi. Munaikidwapo magazi m'chipatala? Munabayidwapo jakisoni ndi anthu a m'mudzi aja obwereza singano? Nanga mphini munatemeredwapo?"

Ndinakweza dzanja n'kugwira m'mbali mwa mutu. Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu ndinkadwala mutu waukulu, ndipo bambo anga ananditengera kwa sing'anga wa kutsidya kwa mtsinje. Tinali anthu ambiri pamzere tsiku limenelo. Lezala linali limodzi, ankangolipukuta pa kansanza. Nesi uja anaona zipserazo n'kunena kuti sangatsimikize, koma mwina ndi pamenepo. Anati kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu osamva kalikonse, kakuwononga chiwindi pang'onopang'ono. Anati atenganso magazi ena atumize kutali kuti aone ngati kadakalimo, ndipo ngati kalimo, mankhwala ake alipo, munthu amachira. Anandiletsa mowa, anandiletsanso kubwerekana lezala ndi mswachi.

Ndiyenera kunena zimene ndinamva pamenepo, ngakhale zimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinamva kupepukidwa. Ndinaona kuti ndapeza matenda oti ndikhoza kuwatchula kunyumba popanda kuweramitsa mutu, matenda amene wolakwa wake ndi sing'anga wakale ndi bambo anga amene anamwalira kalekale.

Ndikunyamuka, nesi anandipatsa timapepala tiwiri. "Aka mukapatse amayi akunyumba, aka mukapatse winayo. Abwere nato kuno kapena ku chipatala chilichonse, alandire mankhwala a chinzonono ngakhale asakumva kalikonse. Amayi akunyumba tidzawayezanso za chiwindizo."

Pobwerera ndinatsika pa Ngara. Mayi uja ndinamupeza akuyanika mpunga pa lona. Anawerenga kapepalako n'kukapinda kawiri.

"Ndiye mukuti ndakupatsani ndine, adada? Nanga ngati mwandipatsa ndinu?"

Anaika kapepalako m'mfundo ya chitenje n'kunena kuti apita Lolemba. "Yewo," anathokoza m'chilankhulo cha kwawo, n'kubwerera ku mpunga wake. Chibwenzi chathu chinathera pamenepo.

Kapepala kachiwirika ndinakaika m'thumba lamkati la jekete. Madzulo ake ndinaimbira mkazi wanga n'kumuuza za chiwindi zokha. Ndinati ndinkamva kufooka, ndiye ndinapita kukayezetsa. Ndinamufotokozera za mphini ndi lezala limodzi lija. Analira pa foni. Patapita masiku atatu anafika ku Hara, atasiya mbatatesi zosakumba ndi ana kwa mng'ono wake.

Anandisamala ngati mwana. Anataya mabotolo a mowa amene anali kuseri kwa chitseko. Anandigulira kapu yangayanga yoikamo mswachi. Popemphera ankatchula chiwindi changa, ndipo tsiku lina anati, "Apongozi aja analakwa, koma sankadziwa. Tiwakhululukire." Ine ndinangoti inde. Pogona ndinkatembenukira kukhoma, ndikunamizira kufooka.

Tsiku lachinayi, akusita malaya anga, anaima n'kugwira pamimba.

"Abambo, masiku ano m'munsi mwa mimba muno mukumandipweteka. Ndinagula panado koma sizikusintha. Kaya ndi ulendo wautali uja."

Jekete lija linali pa msomali, pafupi ndi mutu wake. Ndinaliyang'ana. Ndinati, "Mwina ndi ulendowo, amayi. Mupumule." Pa zonse zimene ndinachita chaka chimenecho, mawu amenewa ndi amene ndimalephera kudzikhululukira.

Lachisanu tinapita limodzi ku boma kuti akamuyeze za chiwindi. Ndinkapemphera mumtima kuti tipeze nesi wina. Tinapeza yemwe uja. Anatilonjera, n'kutembenukira kwa mkazi wanga.

"Mwachita bwino kubwera, amayi. Kapepala kaja mwatenga?"

"Kapepala kati?" mkazi wanga anafunsa.

Nesi anandiyang'ana, ulendo uno m'maso mwenimweni. Sananene chimene ndinabwerera poyamba. Anangoimirira n'kuti, "Ndikukatenga zoyezera. Ndichedwako pang'ono. Abambo, ndikhulupirira muli ndi mawu oti muwauze amayiwa." Anatuluka n'kutseka chitseko.

Ndinatulutsa kapepalako, katakwinyika ndi thukuta. Ndinanena zonse: za mayi wa ku Ngara, za mafinya, za chimene chinandibweretsa m'chipinda chimenecho. Mkazi wanga sanalire ngati mmene analirira pa foni. Manja ake anali pa chikwama.

"Tsiku lija ndinakuuzani za m'mimba, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndipo munati ndi ulendo."

"Ndinatero."

Anatambasula dzanja. "Ndipatseni. Ndi kanga, si choncho?" Ndinamupatsa. "Tsopano tulukani, mukandidikire panja."

Ndinakhala pa benchi ija pafupifupi ola lathunthu. Atatuluka anali ndi mapilitsi m'kajumbo. Anandiuza, osaima, kuti za chiwindizo alibe, koma nesi wati akanachedwa, matenda enawo akanamuwononga m'kati. M'minibasi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Tinadutsa Mwenilondo, tinadutsa Ngara, iye osatembenuka. Anakhala ku Hara masiku awiri, akugona pa mphasa pabalaza, kenako anabwerera ku Dedza.

Zotsatira za magazi otumizidwa kutali zinabwera patapita masabata angapo. Kachilombo kanalimo. Ndinadikira kanthawi kuti mankhwala apezeke, kenako ndinayamba kumwa pilitsi tsiku lililonse kwa miyezi itatu. Ndinamutumizira mkazi wanga uthenga womuuza zimenezi, ndisakuyembekezera yankho. Mawa lake, sikisi koloko mmawa, foni inalira. Anali iye.

"Mwamwa?"

"Ndamwa."

Anadula. Anachita zimenezo tsiku lililonse mpaka mankhwala anatha, osawonjezera liwu lina. Za ana ndinkazimvera kwa anawo. Ndinaimbiranso mkulu wanga, amene anatemeredwa mphini kwa sing'anga yemwe uja, kuti akayezetse. Anandifunsa kuti ine ndinadziwa bwanji, ndipo ndinamuuza zoona, chifukwa ndinali nditatopa ndi kusankha zoti ndinene. Iye anapezeka kuti alibe.

Atandiyezanso patapita miyezi, anati kachilombo sikakupezekanso. Ndinapempha kuti andisamutse, ndipo patatha zaka ziwiri anandibweza kufupi ndi kwathu. Ine ndi mkazi wanga tili limodzi mpaka pano. Zinatenga nthawi yaitali kuti ayambenso kuseka ndikalankhula, ndipo pali masiku ena amene amangokhala chete, ine n'kudziwa chifukwa chake.

Chaka chatha mkulu wina wa mpingo, amene anamva kuti ndinachira matenda a chiwindi, anabwera kunyumba kudzandipempha kuti ndikapereke umboni Lamulungu. Anati anthu alimbikitsidwa, ena aphunzirapo za kuopsa kwa lezala lobwerekana. Ndisanayankhe, mkazi wanga, amene ankathira tiyi, anati, "Akapereka umboni, akapereke wonse." Mkulu uja anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala za m'banja. Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Lamulungu limenelo ndinakhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo umboni anapereka munthu wina.