A Gerevazio a ku Mphunzi, Amene Anatentha Ng'ombe Yawo

Akhristu akale a m'parishi muno akuwakumbukirabe a Gerevazio Chimphepo, bambo wamfupi uja amene ankakhala pabenchi yakumbuyo, chipewa chili pabondo. Anabadwira ku Mphunzi, nakula akuweta mbuzi za amalume awo m'mapiri. Atakwatira mayi Filomena anapita kumigodi ku Joni, ndipo pobwerako anagula ng'ombe ziwiri zapangolo. Masiku amenewo ngolo yawo inali ya mudzi wonse: inkatuta kachewere, odwala, ngakhale njerwa za tchalitchi chathu.

M'chaka cha 1978 ng'ombe imodzi inafa mwadzidzidzi, magazi akuda akutuluka m'mphuno. A Gerevazio anachita mantha naikwirira, koma mlamu wawo, a Alufeo, anali atasenda kale chikopa kuti akunge ng'oma ya kwaya. Pasanapite nthawi, padzanja la a Alufeo panatuluka chilonda chosapweteka, chakuda pakati ngati khala. Anagula makapisozi ku Chimbiya. Ankamwa akakumbukira, kukhala bwino pang'ono n'kusiya, mpaka mkono wonse unatupa.

A Gerevazio anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Asisitere ataona chilondacho anafunsa za ziweto, kenaka anati, "Awa ndi matenda a anthirakisi, ochokera ku ng'ombe. Tiwabaya penisilini. Koma musasiyire panjira, bambo. Tizilombo tikazolowera mankhwala, tsiku lina jakisoni adzaleka kugwira."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse a Gerevazio ankakankha njinga pachitunda kupita kukabayitsa jakisoni, wodwala ali pakaliyala. A Alufeo ankadandaula kuti, "Alamu, ndachira ine, tabwererani kumunda." Iwo ankangoyankha kuti, "Misa satulukira pakati."

A Alufeo anachiradi, koma ng'ombe yachiwiri inafanso, m'mwezi wa njala. Anthu anafika ndi mipeni ndi mabeseni. A Gerevazio anaima pakhomo la khola.

"Mutimana nyama ana akugona ndi njala?" anafunsa mayi wina akulira.

"Mundikwiyire muli amoyo, mayi," anatero.

Anakumba dzenje ndi akazi awo, naunjika nkhuni, n'kuitentha ng'ombe yonseyo. Mudzi unawasala mpaka nthawi yokolola. Sanadandaule kwa munthu, ndipo sanagulenso ng'ombe. Anabwerera kukhasu, ndipo ndiwo zoyamba za m'dimba mwawo zinkapita kwa omwe ankawanyoza aja.

Atakalamba ankayendera odwala ndi ndodo, kupemphera nawo korona, ndipo asanatsanzike ankafunsa kuti, "Mankhwala aja mukutsiriza?"

Anamwalira mwakachetechete m'nyengo yozizira ya 1992, atalandira Sakramenti la Odwala, mayi Filomena atawagwira dzanja. Mawu awo otsiriza anali ofunsa ngati mwana wa pakhomo loyandikana, amene ankadwala chibayo, wamwa mapiritsi ake. Atauzidwa kuti wamwa, anamwetulira n'kutseka maso.

Ambuye awalandire m'mpumulo wosatha, ndipo ife otsala atipatse mtima wonga wawo.